Masiki a Ng'ona

Mwanayo dzina anali nalo, labwinobwino ndithu, koma pa sukulu ya mkaka ija linafa tsiku limene analuma mnzake woyamba. Kuyambira pamenepo anali Ng'ona basi. Kamwana ka zaka ziwiri ndi kanthu, masaya ngati mabanzi, maso ofatsa ngati sikadziwa tchimo, koma mano, abale inu, mano! Kuyankhula kanali kasanayambe. Mnzake akangogwira kagalimoto kake, iko kulira ayi, kukuwa ayi. Kankangosendera pang'onopang'ono ngati kakufuna kumunong'oneza nkhani, kenako khaa! pamkono. Mnzakeyo n'kutsala ndi wotchi ya mano. Anti, mtsikana wolera anawo, ankakhalira kukuwa tsiku lonse kuti, "Ayi kuluma! Ayi kuluma!" mpaka mawu kusasa, koma zinali ngati akuuza khoma.

Amake Ng'ona anali telala. Ankasoka pa shopu ya bambo wina wadazi, kachipinda kodzaza makina ndi zidutswa za nsalu, kotentha ngati m'kati mwa ayironi. Iwo ankakhala pa makina a pakhomo, ntchito yawo mazipi ndi kupinda mathalauza, ndipo zipi yoika iwo thalauza linkatha n'kuisiya idakali moyo. Bambo ake a Ng'ona anatuluka tsiku lina kukagula mayunitsi mwana asanabadwe, mpaka lero netiweki sinawapezebe. Ndiye anali awiriwiri, mayi ndi ng'ona yawo, m'chipinda chimodzi cha lendi chokhala ndi bedi, mbaula ndi ndowa.

Kuntchito mwana sankaloledwa. Anayesapo kubwera naye, koma Ng'ona anakwawira pansi pa tebulo n'kuluma katumba ka mkwatibwi amene ankayezedwa diresi. Abwana anavula tepi m'khosi n'kunena ndi mawu awo a m'mphuno aja: "Mayi, muno muli singano, muli mapini, muli sizasi. Zobaya zakwana. Uyu ndisadzamuonenso." Choncho sukulu ya mkaka ija inali mwendo umene Amake Ng'ona ankaimirapo. Ukathyoka, ntchito yapita, chipinda chapita.

Koma chimene chinkawasowetsa tulo kwenikweni chinali china.

M'dirowa ya makina awo munali chitini cha mabatani. Pansi pa mabataniwo panali kabotolo ka mankhwala. Anawapeza ndi kachilombo ali ndi pakati, ndipo kuyambira pamenepo sanadumphitsepo, ankamwa tsiku ndi tsiku anzawo akuganiza kuti akufunafuna batani. Ng'ona ali wakhanda anamuyeza, analibe. Anamuyezanso, analibe. Anesi anati, "Akadzasiya kuyamwa mudzabwere naye komaliza, titseke nkhani." Ndiye tsiku lina masana, mano atamera, Ng'ona akuyamwa bwinobwino, khaa! Amake anamuchotsa kubere akukuwa, kuyang'ana, milomo ya mwana ili psuu, magazi awo, iye akumwetulira. Anamupukuta, anamutsuka m'kamwa ndi chala mpaka mwana anatsamwa. Bere anamuletsa tsiku lomwelo. Ndipo kuchipatala sanapite nayenso.

Iwo okha ankapita kukatenga mankhwala. Anesi akafunsa kuti mwana uja ali kuti, ankati, "Ali kwa agogo ake." Agogo amenewo anamwalira kalekale. Mumtima ankangoti bola osadziwa. Ukapanda kudziwa, mwana akatentha thupi umati ndi mano, akatsegula m'mimba umati ndi madzi. Kuyambira pamenepo milomo yawo sinayandikirenso mwanayo. Kumupsompsona ayi, kumulawira chakudya ndi supuni yake ayi. Anesi anali atawauza kambirimbiri kuti malovu sapatsira, koma mantha alibe makutu.

Tsiku lina pokamutenga anapeza mwini sukulu, amene aliyense ankawatchula Madamu, ataima pageti, foni m'manja, magalasi ali pansonga ya mphuno.

"Amake Ng'ona, tabwerani kuno. Khutu langali lapsa ndi mafoni a makolo. Dzana mkono, dzulo phewa, lero wina wapita kwawo ndi wotchi pamsana. Pamsana, mayi! Aziona bwanji nthawi? Ine ndinatsegula sukulu, sindinatsegule dziwe. Akalumanso mmodzi, mudzamusunge kwanu."

"Pepani Madamu, ndikamuyankhula."

"Mukamuyankhula? Amayankha?"

Kushopu anzawo sanasowe nzeru. Mayi wa makina a pakona, amene anali ndi ana ambiri ndi mankhwala a vuto lililonse, analavula pini n'kunena kuti, "Asisi, zophweka izi. Mulumeni nayenso. Wanga wachiwiri uja ankaluma ngati nsikidzi, ndinamugwira chala, ng'aa! Mpaka lero nyama amaidya mwaulemu." Onse anaseka. Amake Ng'ona anasekako ndi mano okha. Atafika kunyumba anagwira kamkono ka mwana, kofewa, konunkhira sopo, anakafikitsa pafupi ndi pakamwa. Anakabweza. Mano awo iwo, pakhungu la mwana wawo? Anangokhala pabedi, Ng'ona akuwayang'ana uku akutafuna ngodya ya pilo.

Nzeru inawapeza ali pa makina. Anali akudula miyendo ya jinzi ya kasitomala wamfupi, zidutswa zili mbwee pansi, ndipo anakumbukira masiki amene ankasoka nthawi ya mliri ija. Anatola zidutswazo, anazisanjikiza, anasoka kamasiki kolimba ngati chikwama cha sukulu. Zingwe sanazipititse m'makutu, poti Ng'ona akanangokoka. Anazizungulitsa kunkhongo n'kuika batani, kumene timanja take sitikanafika. Poona kuti kakuoneka ngati ka galu wolusa, anatenga ulusi wofiira n'kusokererapo kakamwa komwetulira.

M'mawa mwake pageti azimayi anapatukira uku ndi uku ngati kukudutsa njinga yopanda mabuleki. Ng'ona akuyenda monyada, chikwama kumsana, kumwetulira kwa ulusi kuli pankhope.

"Mwanayu watani?" anafunsa mayi wina wa ku banki, wa nsapato zogogoda, amake kamtsikana kamene ankakatchula Chidole chifukwa cha maliboni ake.

Apa mpamene Amake Ng'ona anaponda molakwika. Akanangonena kuti ndamutseka pakamwa kuti asiye kuluma ana anu, anthu akanaseka, nkhani n'kuthera pageti pomwepo. Koma ndi mayi uti anganene pagulu kuti mwana wake wamumanga ngati galu? Manyazi anawagwira.

"Ndi kachimfine chabe," anatero.

Masikiwo anagwira ntchito, zoona zinenedwe. Mawotchi anatha pasukulupo. Anti ankamumasula batani nthawi ya kudya, akamaliza n'kumumanganso, ndipo Madamu anafika pomwetulira. Koma chimfine cha mtundu wanji chosatha, mwana osayetsemula n'kamodzi komwe? Pa gulu la makolo la pafoni, pamene Amake Ng'ona panalibe poti kafoni kawo kanali ka mabatani, chimfine chija chinayamba kunenepa. Chinasanduka chifuwa, chifuwa chinasanduka chifuwa chachikulu, kenako anthu anasiya kutchula dzina, akungoti "matenda aja." Wina anati anawaonapo mayi ake pabenchi ya kuchipatala, mbali ijayi. Wina anati n'chifukwa chake bambo anathawa.

Anti ndi amene anawanong'oneza: "Amama, muvuleni chinthuchi, anthu akuyankhula." Koma akamuvula aluma, akaluma achotsedwa. Anamusiya nacho.

Tsiku lina foni inalira Amake Ng'ona ali pakati poika zipi. Anali Anti, akulira. Anati anamumasula Ng'ona kuti adye nthochi yake, anatembenuka kuti apukute wina mamina, Chidole n'kutambasula dzanja kuti abenthuleko nthochiyo. Mano a Ng'ona anali atakhala m'ndende masiku onse aja. Analuma pamkono osasiya mpaka magazi.

Amake Ng'ona anathamanga tepi ili m'khosi, mapini ali pachifuwa pa diresi, abwana osawatsanzika. Anapeza ana onse atawatsekera m'chipinda chogona, akusuzumira pawindo. Pakhonde panali Madamu, Anti, ndi Amake Chidole atanyamula mwana wawo, mkono atauzenga ndi thaulo. Ng'ona anali pakona yekha, atamumanganso masiki ake, ulusi ukumwetulirabe.

"Ndi amenewa!" anakuwa Amake Chidole. "Mayi inu, mulibe chisoni? Mwana wodwala mukumubweretsa pakati pa ana athu, mwamuphimba chinsanza, mukuti chimfine? Taonani! Taonani magaziwa!"

"Sakudwala, mayi. Masikiwo ndinasoka kuti asalume. Funsani Anti."

"Lero ndiye asanduka oletsa kuluma? Si munati chimfine inu, ndi pakamwa panu pomwepo?"

Madamu anakankhira magalasi m'mwamba. "Njira ndi imodzi. Mupite nonse kuchipatala, akamuyeze magazi, timve. Popanda zimenezo, pageti pano asadzalowenso."

Amake Ng'ona anagwada pasimenti pomwepo, mapini akuwabaya.

"Madamu, musavutike, ndimuchotsa ndekha. Sadzabweranso. Mayi, ndikusokerani chilichonse, madiresi a mwanayu mpaka adzakwatiwe. Mukafuna ndimenyeni pompano. Koma kuchipatala ayi, chonde."

Ankadziwa chimene akutaya. Ntchito, chipinda, zonse anaziponya pansi ngati zidutswa, bola kachala ka mwana wawo kasabayidwe.

Amake Chidole anasiya kukuwa. Anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo atayankhula, mawu a ku banki aja anali atathawa, kunatsala timawu tating'ono.

"Mukukaniranji? Mayi mnzanga, ine ndili ndi yekhayu. Ndinapita padera kawiri ndisanamuone ameneyu. Musandisiye ndizingoganiza. Chonde."

Kukuwa akanakupirira, kutukwana akanakumeza. Koma izi ayi. Amake Ng'ona anadzuka, anasasa mawondo, ananyamula mwana wawo.

Anakwera galimoto ya Amake Chidole, iwo kumbuyo ndi ana onse awiri. Ng'ona anali asanakwerepo galimoto yaing'ono, ankangoloza chilichonse pawindo akung'ung'udza m'masiki mwake. Chidole anali atagona ndi kulira. Atadutsa maloboti, Amake Ng'ona anayankhula akuyang'ana kunkhongo kwa mnzawoyo.

"Ine kachilombo ndili nako. Ndimamwa mankhwala. Iyeyu sindikudziwa. Ndimaopa kukamuyezetsa."

Galimoto inapatuka n'kuima pambali pa msewu. Manja a Amake Chidole anafinya chiwongolero mpaka mitsempha kuoneka. Wogulitsa machaja anathamangira pawindo, anasuzumira, anaona nkhope zawo, n'kubwerera yekha osatchula mtengo. Kenako galimoto inalowanso mumsewu, mothamanga kuposa poyamba.

Kuchipatala anapeza anesi omwe aja, a mikono ngati onyamula matumba, oyenda mokhwekhwereza nsapato. Anayamba ndi Chidole. Anatsuka bala ndi sopo pampopi nthawi yaitali mwana akukuwa, anapaka mankhwala, anafunsa za katemera.

"Analandira onse," anatero Amake Chidole. "Koma anesi, kachilombo. Akakhala nako uyo?"

"Mayi, khalani pansi kaye. Ana amalumana tsiku lililonse m'masukulumu. Kachilombo sikayenda m'malovu. Chimene ndikuopa ine pa bala ili ndi mafinya, poti m'kamwa mwa mwana mumalowa chilichonse, dothi, nsapato, mchira wa mphaka. Mukaona patupa, pafiira, kapena watentha thupi, mubwere naye msanga. Ndipo mukati tiyankhule za magazi, alowa m'kamwa mwa ndani apa? Si mwa wolumayo?"

Amake Chidole anapumira m'mwamba, koma maso anali adakali pa Ng'ona. Anesi anawatulutsa, anatseka chitseko, anatembenuka manja ali m'chiuno.

"Eya. Ndiye uyu ndi uja amakhala kwa agogo akeyu? Amamudyetsa bwino agogowo."

Amake Ng'ona anafotokoza zonse, za bere, za magazi pamilomo, mawu akutuluka mopiringizika ngati ulusi wokodwa m'bobini.

"Ndiye munakhala nazo nokha nthawi yonseyi? Inu mayi inu! Mankhwala mumamwa bwino, magazi anu timawaona, kachilombo kanagona tulo. Koma ngakhale akanakhala nako, kubisala kukanamuchiritsa? Tikanamuyambitsa mankhwala, n'kumakula ngati anzake." Kenako anaona masiki aja. Anamasula batani, anawatembenuza, anayesa kuwakoka. "Kusoka ndiye mumatha. Koma mwana si thumba, mayi. Amaluma chifukwa mawu alibe. Mwamutsekanso pakamwa, aphunzira bwanji kunena kuti nthochi ndi yanga? Bweretsani chala."

Anabaya kachala. Ng'ona anakuwa n'kudumphira dzanja la anesi kukamwa kuli yasa, anesi anabweza msanga. "Iwe! Ine andilumapo akuluakulu kuposa iwe." Kadontho ka magazi kanagwera pa kapepala koyezera. Anakaika patebulo. "Tidikire. Mzere umodzi, alibe. Iwiri, ali nako."

Amake Ng'ona sanathe kuyang'ana patebulopo. Maso anawaika pa mpendero wa yunifolomu ya anesi, umene wina anaupinda mokhota, kumanzere kotsika, ulusi wake wosiyana mtundu. Anayamba kuumasula m'mutu, kuuyeza, kuupindanso, kuusoka, kuumasulanso. Mumtima akungoti, Mulungu, mukafuna kuluma lumani ine, ine ndinazolowera. Mwana anali pamiyendo pawo akusisima, kamsana kake kotentha katatsamira pachifuwa pawo. Anakumbukira kuti dzina lake lenileni anali asanamuitane nalo kalekale, ndipo anamunong'oneza nalo kunkhongo.

"Mayi, taonani kuno."

"Ndiuzeni inu."

"Ayi, maso ndi anu. Mwathawa mokwanira."

Anayang'ana. Mzere umodzi. Anatseka maso, anatsegula. Umodzi womwewo, wofiira, wowongoka ngati wosoka iwo.

"Alibe," anatero anesi. "Ndipo poti anasiya kuyamwa kalekale, nkhani yatsekedwa. Ng'ona yanuyi ndi ng'ona wamba."

Phokoso limene linatuluka pakhosi pa Amake Ng'ona silinali kulira, silinali kuseka, moti Amake Chidole anatsegula chitseko osagogoda.

"Alibe," anatero Amake Ng'ona. "Alibe, mayi. Alibe." Ankabwereza ngati akuphunzira mawuwo. Amake Chidole anatsamira chitseko n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi, nsapato zogogoda zija zili uku ndi uku.

Pobwerera, Amake Chidole anayankhula maso ali pamsewu. "Madamu ndikawauza ndekha kuti mwana alibe kanthu, ndi pagulu paja ndilemba. Zina zija munandiuza muno, zatsala muno." Kenako anawasuzumira pagalasi. "Koma akadzalumanso wangayu, mayi, ine ndidzaluma inuyo."

Amake Ng'ona anangogwedeza mutu. Sankadziwa ngati Madamu amulandiradi mawa, kapena abwana anena chiyani za zipi imene anaisiya pakati, thalauza la mwini lili yasa. Masiki anali m'thumba, ndipo Ng'ona anali atayamba kale kutafuna lamba wa mpando. Anamutembenuza, anayang'ana masaya aja. Kenako anawerama, anaika milomo yawo patsaya lake, nthawi yaitali, n'kumuluma pang'ono, kuluma kwachikondi kumene azimayi onse amaluma ana awo.

Ng'ona anatong'ola maso. Anagwira tsaya, anawayang'ana amake ngati wakumana ndi ng'ona inzake, n'kukweza kachala kokhala ndi thonje kaja.

"Ayi kuluma!" anatero.